Funsani Amalume: Masika Afika, Milandu ya Mpira Yachuluka

Makalata a mwezi uno andipeza pamkeka kuseri kwa nyumba, ndikutonola chimanga ndi adzukulu. Chala chachikulu chatuluka thuza, koma thuza la masika salidandaula. Ine sindifuna kalendala kuti ndidziwe nyengo. Mu Januwale ndi Febuluwale mumandilembera za feteleza, za katapila ndi za ufa wotha m'dengu. Epulo akangolowa, dowe n'kuyamba kuthetheka pamakala, maungu n'kudzaza pakhonde, makalata nawo amasintha. Uyu amubera chigoli, uyu mwamuna wake wasowa ndi ndalama za fodya, uyu ng'oma zikumusowetsa tulo. Munthu wa njala sakangana za ofusayidi. Ndiye ndikaona milandu ya mpira yachuluka chonchi ndimadziwa kuti anthu akhuta.

Ndasankhamo makalata 6. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Atibera fainolo, tikamasule mbuzi?

*Amalume, ndine kaputeni wa timu ya m'mudzi mwathu, dera la Madisi ku Dowa. Bwana wina wogula soya anaika bonanza ya matimu 8, mphoto yake jezi, mpira ndi mbuzi. Tinavutika mpaka tinafika mu fainolo. Tsikulo anzathu anabwera ndi anyamata 4 achilendo, ati ndi adzukulu a mfumu yawo, koma mmodzi timamudziwa, amasewera ku Lilongwe. Tinakana kulowa m'bwalo, akomiti anatinyengerera, tinasewera n'kugonja 3-1. Pano tikadandaula akuti munalowa nokha. Anyamata anga akuti tipite usiku tikamasule mbuziyo. Titani?*

Mphwanga, yamba wawakhazika pansi anyamata akowo. Mbuzi yomasula usiku dzina lake ndi yakuba, ndipo wapolisi sadzakufunsani ngati chigoli chachiwiri chinali cha ofusayidi. Komanso mmene ndimawadziwira anyamata a mpira, mbuziyo inalowa m'poto tsiku lomwelo. Mukapezako chingwe chokha, ndi eni mudzi ali ndi zibonga.

Akomiti akunena zoona, ngakhale zili zowawa. Munalowa nokha. Zoti anakuberani sindikukana. Ndaimbira mpira wa m'midzi zaka zambiri ndili mphunzitsi, ndipo mdzukulu wa mfumu wobwera ndi nsapato zowala, akulankhula Chichewa cha ku Kawale, ndamuona kangapo. Amangomera pa fainolo ngati bowa. Koma paja nkhanga zinapangana kusanapse. Mlandu wa bonanza umaweruzidwa tsiku lolembetsa matimu, osati dzuwa la fainolo litapendeka.

Ulendo wina, musanagunde chikopa ngakhale kamodzi, mukhale pansi makaputeni nonse, akomiti ndi mwini bonanza, mfumu ilipo. Timu iliyonse ipereke mayina a osewera ake, asapitirire 22, ndipo pafupi ndi dzina palembedwe nambala ya chiphaso cha unzika. Ziphasozi tinalembetsa mu 2017 ndipo aliyense wokwana zaka 16 ayenera kukhala nacho. Wochepera apo abwere ndi kalata ya aphunzitsi aakulu. Mapepalawo muwajambule pa foni, muponye pa gulu la WhatsApp kuti kaputeni aliyense akhale nawo. Ndiye muike lamulo ili, lomwe ndi mankhwala enieni a adzukulu a mfumu: amene sanasewereko m'ndime yoyamba sasewera semifainolo kapena fainolo. Wa m'tauni sangamakwere minibasi Loweruka lililonse chifukwa cha mwendo wa mbuzi. Mphoto nayo ionekere poyera tsiku loyamba, isungidwe ndi munthu wopanda timu. Ndaona bonanza zingapo zothera m'malere, mwini wake atazimitsa foni.

China chimene anthu amachinyozera ndi nthawi. Mu Meyi kuno kwathu pofika 5:30 dzuwa lalowa. Mpira ndi mphindi 90, kupuma 15, muonjezepo mapenate mukalepherana, muonjezeponso nthawi yothamangitsa ana ndi amayi ovina m'bwalo chigoli chikalowa. Fainolo yoyamba 3 koloko yachedwa kale.

Ndikunena izi chifukwa khungu langa likukumbuka. Chaka china ndinaimbira fainolo pa bwalo la sukulu ina kuseri kwa Mponela. Matimu onse awiri anakana kuyamba kulowa, aliyense akuopa kuti mnzake wakwirira khini pamzere. Goloboyi wa mbali ina anachita kumunyamula pamapewa mpaka pagolo kuti asaponde. Tinayamba 4 koloko itadutsa. Analepherana 1-1. Mapenate tinamenya ndi nyali za lole yonyamula fodya, ndipo golo lake linali la mabulugama awiri, lopanda ukonde, pamwamba atamanga chingwe cha khonje. Penate yomaliza inadutsa cha pachingwe pomwepo. Pansi pake kapena pamwamba? Mpaka lero ndikafunsidwa ndimangoyang'ana kumbali. Ndinaloza pakati, kuti chalowa. Dzanja sindinamalize n'kutsitsa komwe. Ndinaliyatsa liwiro kudutsa patchire, n'kukadzipanikiza mu mkukwe wa chimanga m'munda wa eni ake, ndipo ndinakhala mmenemo mpaka mwezi unatuluka, ndikumva anthu akudutsa akufunsana kuti, "Kamphunzitsi kaja kalowera kuti?" Tchire ndinadutsalo linali la chitedze. Munthu akubisala sakanda mokweza, ndinangoluma mano. Mayi akunyumba anandipaka phulusa usiku wonse akuseka, ndipo wenzulo yanga inatsala komweko.

Ndiye za mbuzi iwalani. Lemberani akomiti kalata yaulemu yofotokoza zimene zinachitika, ina mukasiye kwa mfumu. Mbuzi siibwerera, koma chaka chamawa adzaganiza kawiri. Kenako pemphani anzanuwo masewero achibwereza opanda mphoto, aliyense ndi anthu ake enieni. Akakana, dera lonse lidziwa chifukwa chake.

Ndikuuzenso za kukhosi. Bonanza ndi moto wa mapesi. Imabwera ndi wogula mbewu kapena wofuna mavoti, imayaka masabata atatu, kenako anyamata n'kubwerera ku bawo ndi kachasu mpaka masika ena. Ngati munafika fainolo popanda obwereka, ndiye kuti mpira muli nawo m'miyendo. Kafunseni akomiti ya mpira ya m'boma lanu za kalembetsedwe ka ligi. Dedza Dynamos, Chitipa United ndi Karonga United zinachita kukwera kuchokera m'maligi a m'zigawo mpaka kufika mu Super League. Soya ali m'nyumba panopa. Wosewera aliyense atasonkha ndowa imodzi, poyambira papezeka.

Ndalama za fodya zikuthera pa foni

*Amalume, ndine mayi wa ana 4, ndimakhala ku Santhe m'boma la Kasungu. Fodya tinalima tonse, kuyambira ku nazale mpaka kusoka, kupachika m'chigafa ndi kudinda mabelo. Chigulitsireni mabelo oyamba ku Chinkhoma, bambo akunyumba asanduka mlendo. Loweruka ndi Lamulungu ali ku vidiyo sho kuonera mpira wa ku England, pakati pa sabata akuti kuli Champions League, ndipo foni sichoka m'manja, akuti akubetcha. Dzana ndinapeza thumba limodzi la chimanga lasowa. Ndikafunsa akuti timu imodzi yokha ndi imene inawagwetsa, akanawina K2 miliyoni. Ndichite bwanji?*

Mayi, mawu akuti "timu imodzi yokha" ndawamva kwa amuna ambiri moti ndikanakhala woimba ndikanapeka nawo nyimbo. Ndinkaphunzitsa masamu, ndiye ndiloleni ndigwireko choko. Tiyerekeze kuti masewero aliwonse ali ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, igwe chagada kapena chafufumimba. Munthu akaika matimu 10 pa tikiti imodzi, kuti alondole onse ndi kamodzi pa maulendo 1,024. Kulondola 9 n'kuphonya imodzi kumachitika ka 10 pa maulendo omwewo. Ndipo mpira suli ndi mbali ziwiri zokha, pali kulepherananso. Ndiye kugwa ndi timu imodzi si tsoka la bambowo ayi. Ndi mmene anazikonzera, kuti munthu azichoka akumva ngati anangotsala pang'ono, mawa abwerenso. Olandira ndalamawo masamu amenewa amawadziwa kuposa ine.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuonera mpira si mlandu. Ine ndemwe nyengo ino Loweruka 4 koloko, pomwe ku England ili 3 koloko, mumandipeza pa benchi ya vidiyo sho, thukuta kamukamu, jenereta ikulira kuseri. Munthu amene wakhala chiweramire m'munda kuyambira Okutobala ayenera kupumako. Kandalama kolowera pakhomo sikagwetsa banja. Mukalimbana nawo za vidiyo sho muoneka ngati mukuwaletsa kuseka, ndipo ayamba kubisa zonse. Inu gwirani nkhani ya thumba lija.

Musayambe ndi kukalipa, yambani ndi kuwerenga. Sankhani m'mawa wina, atadya mbatata ndi tiyi, muwatengere komwe kuli matumba muwerenge limodzi. Pakhomo panga tikakhala anthu 6, thumba la makilogalamu 50 tikakonola silimaliza mwezi. Werengani miyezi kuchokera Meyi uno mpaka dowe adzapse mu Malichi, muikepo matumba ena awiri a maliro ndi alendo. Amenewo muthire mankhwala a anankafumbwe kapena muike m'matumba aja osalowa mpweya a PICS, mumange bwino, mulembe manambala ndi khala, 1, 2, 3, kuti likasowa limodzi mpata uzichita kuonekeratu. Chitseko chikhale ndi loko. Zotsala pamenepo ndiye mukambirane: fizi, feteleza wa chaka chamawa, malata, komanso kandalama kawo ka m'thumba komwe simudzafunsa kuti kapita kuti. Mwamuna mukamusiya wopanda kalikonse amasanduka mbava m'nyumba yake yomwe.

Muwakumbutsenso za mtengo. Chimanga chimene venda akugula motchipa pa sikelo yake mu Meyi ndi chomwecho chimene tidzachifolere pamzere mu Febuluwale, pa mtengo wolira nawo. Unduna wa za malimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo sikelo yovomerezeka imakhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma munthu amene akuthamangira kubetcha mpira usanayambe sayang'ana zonsezo. Amalandira iliyonse imene wapatsidwa.

Mabelo otsalawo asanapite ku okushoni, gwirizanani kuti ndalama ikalowa ku banki mukatape muli awiri, ndipo gawo lina mukaike ku banki mkhonde m'dzina lanu. Inunso munasoka fodyayo, musachite kupempha ngati akukuchitirani chifundo. Akakana zonsezi, thumba lachiwiri n'kusowa, musadikire lachitatu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ndipo musadzinamize kuti ligi ya ku England ikatha mu Meyi matenda atha. Pa foni mpira suutha. Ikapuma England amabetcha ya Brazil, ikapuma imeneyo amabetcha ya maiko oti sangawaloze n'komwe pa mapu.

Kodi "autumn" pa Chichewa n'chiyani?

*Amalume, ndimagwira ntchito ku Leeds, ku England. Mwana wanga wa zaka 7 amupatsa ntchito kusukulu yoti alembe mayina a nyengo zinayi m'chilankhulo cha makolo ake. Pa "autumn" ndakakamira. Ndimuuze chiyani?*

Muuzeni kuti masika, koma mudziwe kuti ndi malaya obwereka, sakukwana bwinobwino. Chaka chathu sichinadulidwe panayi mofanana ngati chigumu. Tili ndi dzinja, la mvula ndi khasu, kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi. Kenako masika, Epulo ndi Meyi, mvula ikukata, zakumunda zitacha. Ndiye chisanu cha Juni ndi Julayi, pomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre amafunda chiperoni, kenako chilimwe chomwe chimafika pachimake mu Okutobala. Kumene muliko nyengo mukufunsayo imagwa Sepitembala mpaka Novembala, ife tikupsa ndi dzuwa, tikudikira chizimalupsa, chifukwa inu muli kumpoto kwa ikweta, ife kumwera. Abale athu a ku Johannesburg ndiwo amayendera limodzi nafe.

Kusiyana kwenikweni kuli pa masamba. Kumeneko masamba amafiira chifukwa akufa, kenako n'kuyoyoka. Kwathu tsamba lofiira ndi lobadwa kumene, pitani m'nkhalango ya mombo cha mu Sepitembala mvula isanagwe mukaone. Ndipo ife tikati masika sitikunena za mitengo, tikunena za m'mimba. Ndi nzimbe, mtedza wauwisi wophika ndi makoko ake, zipwete, maungu ndi dowe. Ndi anyamata okumba mbewa m'minda yokolola kale, akukangana kuti wagwira kapuku ndani. Ndi atsikana osewera fulaye, phada ndi jingo mpaka amawo achite kuwaitana katatu, chifukwa m'mimba muli kanthu ndipo bwalo lauma. Mwanayo ajambule mkukwe wa chimanga ndi dzungu pambali pake. Ndipo mukadzafuna kumuonetsa kumudzi, musamangobwera pa Khirisimasi kuli matope okhaokha ndi nkhokwe zopepuka. Mudzayeseko Pasaka.

Ng'oma usiku wonse, ana akuopa

*Amalume, ndine namwino, kwathu ndi ku Mulanje, koma anditumiza kudzagwira ntchito kumudzi m'boma la Dedza. Chiyambireni mwezi uno ng'oma sizikutha, ndipo kawiri konse ndakumana ndi gule pamsewu ndikupita kuntchito. Ana anga akuopa kupita kusukulu. Ine ndine wopemphera. Kodi zimenezi zitha liti, nanga ndikakumana naye ndizitani?*

Mayi, kutha sizitha msanga, zangoyamba kumene. Gule wamkulu amafuna zinthu ziwiri zimene dzinja silipereka, nthawi ndi chimanga. Maliro sasankha nyengo, pamenepo gule amatuluka ngakhale mvula ikugwa. Koma chinamwali, ziliza ndi kulonga ufumu anthu amadikira akolole kaye, kuti papezeke chimera cha thobwa ndi masese, ndi ufa wodyetsa alendo. Zikhala choncho chilimwe chonse, ndipo mu Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Inu a kwa tchopa ng'oma za anthu okhuta musadabwe nazo.

Za ku dambwe sindinena, si za m'magazini. Ndinena za pamsewu zokha. Mukamva kukuwa kapena mukaona chilombo chikubwera, patukani muime patali, ngati muli pa njinga tsikani. Musachiloze chala, musachiseke, musayese kuchizindikira, ndipo foni ikhale m'chikwama. Kujambula popanda chilolezo ndi kumene kukuutsa mapiri pachigwa masiku ano. Ena amaponya kandalama pansi, kusupa kumene, koma si ngongole. Pabwalo masana anthu amaonera poyera, amayi ndiwo amaimba ndi kuwomba m'manja. Kupitako kapena kusapitako ndi nkhani ya inu ndi chikhulupiriro chanu, palibe angakukokeni. Ine ndimapemphera, koma ndaimapo pabwalo kangapo kuonera makanja akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu ndi kasiyamaliro akuzungulira, fumbi lili koboo. Bungwe la UNESCO linavomereza gule wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Ndipo ku Mua, m'boma lomwe mulilo, kuli malo a za chikhalidwe a Kungoni omwe anayambitsa ndi wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, mu 1976. Tengani ana Loweruka lina mukaone. Mantha amachepa mwana akamva kuti chilombo chilichonse chili ndi dzina komanso khalidwe limene chimadzudzula kapena kulangiza.

Koma pa ana a sukulu sindinyengerera. Gule wothamangitsa ana popita kusukulu, wotseka msewu n'kumalanda ndalama, kapena wokwapula odutsa, si mwambo umenewo, ndi uchigawenga wovala nthenga, ndipo eni mzinda enieni amadana nazo. Mafumu ambiri anaika malamulo oletsa gule kutuluka nthawi ya sukulu. Pitani kwa nyakwawa pamodzi ndi aphunzitsi aakulu, mukalankhule modzichepetsa monga mlendo, osati monga wodzaweruza. Mayeso a Sitandade 8 ayandikira, ndipo palibe mfumu yofuna kutchuka kuti ana a m'mudzi mwake analephera chifukwa cha ng'oma. Zikapitirira, kupolisi salipiritsa polowa.

Mwana wamkazi ndi mpira wa miyendo

*Amalume, ndine bambo wa ku Nsundwe. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 wasiya ntchemberembaye, akuti akufuna mpira wa miyendo. Madzulo m'malo mothandiza amake kuthothola mtedza ali ku bwalo ndi anyamata, atavala kabudula. Anthu ayamba kulankhula. Ndimuletse?*

Achimwene, ku Rumphi kunali atsikana awiri a bere limodzi amene ankathamangitsa chikulunga ndi anyamata chimodzimodzi. Wamkulu, Tabitha Chawinga, wasewera ku Sweden, China, Italy ndi France, ndipo ali ku Inter Milan anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Mu 2023 ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Tsiku limenelo olankhula anu aja ndi amene anakweza wailesi.

Sindikunena kuti wanuyo adzakwera ndege. Ambiri sakwera. Koma mtsikana amene madzulo ali pabwalo, pamaso pa anthu, mukudziwa kumene ali. Nyengo ino, pomwe anyamata a fodya ndi soya ali ndi timakwacha m'matumba ndipo zoimbaimba za usiku zili ponseponse, ndi imene timataya atsikana a sukulu. Ndili mphunzitsi ndinkachita kuwerenga mipata pa mabenchi teremu yachitatu, ndikafunsa ati wakwatiwa, ati ali ndi pakati. Sindikumbuka ngakhale mmodzi amene anasiya sukulu chifukwa cha mpira.

Ndiye panganani. Mtedza athothole kaye, lichero lake lidzaze. JCE yayandikira, makope azioneka. Kubwalo apite, koma dzuwa lisanalowe akhale ali pakhomo. Mukamudziwe amene akuwaphunzitsa mpirayo, nkhope ndi kwawo komwe, ndipo pa ulendo wakutali pazikhala mayi wamkulu woperekeza. Ngati pali atsikana anzake ofuna, ayambitse timu yawoyawo. Tsiku lina mudzapite osamuuza, mukaime kuseri kwa golo, muone ngati mtima sukadumpha akatenga mpira. Za kabudula musavutike nazo. A ntchemberembaye amavala siketi yaifupi kuposa pamenepo, ndipo Mwawi Kumwenda atasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, palibe anapita ndi tepi kukayesa siketi.

Ukwati wa Maule ndi Manoma

*Amalume, tikumanga ukwati mwezi wamawa ku Bangwe. Ine ndi abale anga ndife a Bullets, tikufuna operekeza avale zofiira. Akuchikazi ndi a Wanderers kuyambira agogo awo, akuti popanda buluu iwo sabwera. Komiti yakumana katatu osamvana.*

Mphwanga, mkangano umenewo unayamba iwe usanabadwe. Wanderers ndi ya 1962, Bullets ya 1967, ndipo oyambitsa Bullets anachita kupatuka ku Wanderers komweko, ndiye ndi mkangano wa pachibale, suthera pa ukwati wako. Zoyera zili mbali zonse ziwiri, mkwatibwi wavala kale zimenezo. Operekeza avale zobiriwira ngati nkhwani. Pa perekaniperekani ndiye muwasiyanitse, lichero la Maule uku, la Manoma uku, wolengeza aziwerenga mokweza kuti ali patsogolo ndani. Mudzatola ndalama zoti simunaziganizire.

Koma usanasindikize makadi, kaone kaye ndandanda wa masewero a ligi. Ukwati wa mwana wa mlongo wanga unagwa tsiku limene matimu awiriwa ankakumana pa Kamuzu Stadium. Pofika 2:30 mu holo munatsala amayi, ana ndi abusa, ndipo abusawo anali ndi kachingwe ka foni kukhutu limodzi.